Kusintha ma shock absorber a kumbuyo kwa galimoto pakhomo

Misewu ya maenje imatha msanga ma shock absorber. Akatha, galimoto imanjanja, matayala amadyeka mosalingana ndipo mabuleki amachedwa kuyimitsa galimoto. Mwini galimoto angadziwe vutoli pokanikiza kumbuyo kwake ndi manja. Ikapitiriza kunjanja atayisiya, kapena mafuta akamatuluka pa shock, nthawi yosintha yakwana. Onse awiri asinthidwe pamodzi kuti galimoto isapendekere mbali imodzi.

Ntchitoyi ichitikire pamalo olimba ndi athyathyathya, matayala akutsogolo atapingidwa. Manati a tayala amasulidwe pang'ono jeke isanakweze galimoto. Ikakwera, ikhazikidwe pa zitsulo zochirikizira, chifukwa jeke imatha kuterereka ndipo njerwa zimaphwanyika. Ambiri avulala pansi pa galimoto ponyalanyaza mfundo imeneyi.

Tayala likachotsedwa, jeke ichirikize ekiselo, kenaka bawuti yam'munsi imasulidwe, yam'mwamba pambuyo pake. Shock yatsopano ikalowa, mabawuti amangidwe kotheratu galimoto itatsitsidwa pansi kuti mphira zake zisang'ambike.

Ngati sipuling'i yakulunga shock, ntchitoyo isiyiridwe makaniko, pakuti sipuling'i yopanikizika ikafwamphuka imatha kupha munthu.