MADZI A UTSI M'MALOLE A DIZILO: Zimene Mlimi Ayenera Kudziwa Asanagule

Mabanja ambiri a ku Chipata, Katete ndi Petauke ali ndi abale ao amene akhala ku migodi. Ena mwa abalewo ali ku Bulangililo, komboni ya mu mzinda wa Kitwe, ndipo si cacilendo kuona wakumudzi ndi wa m'tauni atasonkha ndarama kuti agule lole yonyamulira mtedza, nyemba ndi cimanga kunka nazo ku msika wa Chisokone. Nzeru imeneyi njabwino ndithu. Koma malole ambiri amene ali kufika masiku ano ali ndi kathanki kena ka cibvindikiro cabuluu pambali pa thanki ya dizilo, ndipo munthu wosadziwa nchito ya kathankiko angathe kumwaza cuma ca banja lonse m'nyengo imodzi yokha. Phunziro lino lifotokoza za madzi amene athiridwa m'menemo.

KODI MADZIWO NCIANI?

M'masitolo madziwa agulitsidwa ndi dzina lakuti AdBlue, ndipo ku America awacha DEF. Ngakhale dzina lao linena za mtundu wabuluu, iwo ngoyera mbee ngati madzi akumwa. M'kati mwao muli zinthu ziwiri zokha. Pa magawo 100 ali onse, magawo 32.5 ndi yuriya woyengedwa bwino, ndipo magawo 67.5 ndi madzi amene anacotsedwamo mcere wonse ndi zitsotso zonse. Madziwa si mafuta iai. Sayaka moto, salowa mu injini, ndiponso sasanganizidwa ndi dizilo.

NCHITO YAO

Pamene dizilo ali kupsa mu injini pakhala kutentha kwakukuru, ndipo kutenthako kulumikiza naitirojeni ndi okosijeni za mu mpweya, nizisanduka mipweya yoipa yochedwa NOx. Mipweya imeneyi ipweteka cifuwa, ikulitsa mphumu, ndipo isautsa makamaka ana ndi okalamba. Anthu a ku migodi adziwa kale kuwawa kwa mpweya woipa cifukwa ca senta amene anazunza anthu a ku Kankoyo, ku Mufulira. Senta anali kucokera ku salifa wa m'ng'anjo zosungunulira mkuwa, ndipo ngwosiyana ndi utsi wa lole, koma zonse ziwiri zilowa m'mapapo amodzimodzi.

Tsono kampope kakang'ono kawaza madzi a AdBlue m'paipi ya utsi. Kutentha kwa utsiwo kuphwanya yuriya uja nasanduka amoniya. Patsogolo pace pali bokosi lacitsulo lokhala ndi timabowo tambirimbiri ngati zisa za njuci. M'bokosimo amoniya akomana ndi mipweya yoipa ija, ndipo zimene zituruka kunja ndi naitirojeni wamba pamodzi ndi nthunzi ya madzi, zinthu zosapweteka munthu. Amakaniko acha makonzedwe onsewa SCR.

CIFUKWA NINJI MALOLE OTERE ACURUKA?

Maiko a ku Ulaya anaika malamulo oletsa utsi woipa. Lamulo lochedwa Euro IV linayamba kugwira malole akuru mu 2005, ndipo lina lolimba koposa, la Euro VI, linagwira malole onse atsopano kuyambira mu 2014. Ku America lamulo lofanana nalo linakhwima mu 2010. Pofuna kumvera malamulowo, mafakitale a Scania, Volvo, DAF, MAN ndi Mercedes-Benz anaika makina a SCR m'malole ao. Nayonso Mitsubishi Fuso ya ku Japan inacita cimodzimodzi ndi ma Canter ena opangidwa kuyambira mu 2010. Malolewo akagwira nchito zaka zingapo kwao, agulitsidwa kuno, ndipo alowa kudzera ku Dar es Salaam ndi Nakonde, kapena ku Durban ndi Walvis Bay. Kotero mlimi wogula lole yogwirapo kale nchito lero angapeze kathanki kabuluu ngakhale sanakafune.

AFUNIKA OCURUKA BWANJI?

Lole yaikuru imwa pafupifupi malita 5 a madziwa pa malita 100 ali onse a dizilo, ngakhale kuti malole asiyana ndipo katundu wolemera aonjezako. Ulendo wocokera ku Chipata kudzera ku Lusaka mpaka ku Kitwe upitirira makilomita 900. Mwa citsanzo, ngati lole yatentha malita 300 a dizilo pa ulendowo, idzafuna malita 15 a AdBlue popita ndi ena 15 pobwera. Ndarama imeneyi iyenera kulembedwa m'buku la ulendo pamodzi ndi ya dizilo, ya matayala ndi ya msonkho wa pamseu. Banja limene liiwala kuiwerengera lidziyesa lapindula pamene phindu lace lacepa.

Madziwa akatsala pang'ono, nyale iyaka patsogolo pa woyendetsa. Akainyalanyaza, lole icepetsa mphamvu yokha, ndipo pambuyo pace iyamba kukwawa ngati ngolo ya ng'ombe. Magalimoto ang'ono ambiri akana kuliranso injini ikazimitsidwa kathanki kali gwaa. Apa galimoto siinafe iai, koma inapangidwa dala motero cifukwa ca lamulo. Cimanga cingathe kudikira pamseu masiku awiri, koma matimati ndi kabici zibvunda, ndipo wogula wa ku Chisokone sadikira munthu.

Nkwanzeru kuyenda ndi cigubu cimodzi capadera, pakuti madziwa sapezeka pa sitolo iri yonse, ndipo nthawi zina asowa ngakhale m'maiko olemera. Kumapeto kwa 2021, dziko la China litacepetsa yuriya wogulitsa kunja, oyendetsa malole a ku South Korea anaima pa mizere itariitari kufunafuna madziwa, ndipo ku Australia nakonso kunali nkhawa yaikuru.

FETEREZA NGWA KUMUNDA

Pano ndipo pagona msampha wa alimi. Munthu akamva kuti m'madziwa muli yuriya, akumbukira thumba la fetereza wobereketsa limene liri m'nyumba mwace, naganiza kuti angosungunula yekha ndi madzi a pacitsime. Wotero aononga lole yace ndi manja ace omwe.

Nzoona kuti fetereza wa yuriya, amene ali ndi magawo 46 a naitirojeni pa 100, ndi mbale wace wa yuriya wa mu AdBlue. Koma wakumunda apakidwa mankhwala oletsa kuumbika, ndipo ali ndi fumbi ndi zotsalira zina zimene cimanga sicisamala nazo kanthu koma makina adana nazo. Madzi a pacitsime, a pamjigo ndi a pampope omwe ali ndi mcere ndi laimu wosaoneka ndi maso. Zinthu zimenezi zitseka kamwa ya kampope kowaza, niziphimba timabowo ta m'bokosi lija kufikira litaleka kugwira nchito. Malole ambiri ali ndi kacida kolawa madziwo, ndipo kakaona kuti ngacinyengo kacepetsa mphamvu ya injini monga ngati kathanki kauma. Mtengo wa bokosi latsopano uposa kutari ndarama imene munthu anafuna kupulumutsa, ndipo pamwamba pa izo cimanga cace camanidwa fetereza.

KASUNGIDWE

Mdani wamkuru wa madziwa kuno ndi dzuwa. Akasungidwa pamalo osapitirira madigiri 30 akhala bwino pafupifupi caka cimodzi, koma pa madigiri 35 moyo wao ufupika kufika pa miyezi 6. Cigubu cosiyidwa pamwamba pa lole m'mwezi wa Okutobala cionongeka msanga. Madziwa aundana pa madigiri 11 pansi pa ziro, koma cisanu cotere sicifika kuno, kotero za kuundana zolembedwa pa zigubu zisabvute munthu.

Cina cofunika kudziwa ncakuti madziwa adya mkuwa, malata ndi citsulo wamba. Akathiridwa m'ndowa yamalata kapena mu mgolo wacitsulo, aononga cotengeraco, naonongeka iwo omwe. Ayenera kukhala m'cigubu cao capulasitiki cimene anadzeramo, cotsekedwa bwino, m'cipinda ca mthunzi.

DIZILO NAYE AKHALE WOYERA

Makina a SCR afuna dizilo wa salifa wocepa, wosapitirira magawo 50 pa miliyoni. Mpope wa TAZAMA, wa makilomita 1,710 kucokera ku Dar es Salaam kufika ku Ndola, unamalizidwa mu 1968, ndipo zaka zambiri unanyamula mafuta osayenga kupita ku Indeni. Mu 2023 unayamba kunyamula dizilo woyengayenga wa salifa wocepa. Mwini lole agule dizilo wace pa malo okhala ndi cilolezo ca Energy Regulation Board. Dizilo wa m'zigubu za m'mbali mwa mseu acepa mtengo, koma palibe adziwa cimene casanganizidwamo, kaya ndi parafini kaya ndi madzi.

ZA KUCOTSA MAKINAWO

Alipo amakaniko ena amene auza mwini lole kuti angathe kudula makina onsewa ndi kunyenga kompyuta ya injini kuti isafunsenso madzi. Mau otere akoma m'khutu la munthu amene ndarama zamcepera. Koma mipweya yoipa ija ibwerera yonse, ndipo oyamba kuipuma ndi woyendetsa, anyamata okweza matumba, ndi ana osewera pabwalo pamene lole iri kulira m'mamawa. Ndiponso kompyuta yosokonezedwa ingathe kubisa matenda ena a injini kufikira atakula.

MALANGIZO ASANU NDI AWIRI

1. Asanapereke ndarama, wogula afunse ngati lole imwa AdBlue, ndipo apite ndi makaniko wokhala ndi makina oyezera kompyuta kuti aone ngati zonse ziri m'malo mwace.

2. Agule madzi a m'cigubu comata, colembedwa nambala ya muyezo ISO 22241, ndipo ayang'ane tsiku limene anapangidwa.

3. Fanelo yothirira ikhale ya nchito imeneyi yokha. Isakhudze dizilo, oilo kapena mankhwala opopera thonje.

4. Apukute fumbi pa cibvindikiro asanatsegule.

5. AdBlue akalowa mwangozi m'thanki ya dizilo, asalize injini, ngakhale kupotoza kiyi komwe. Thanki ikhutulidwe ndi kutsukidwa poyamba. Dizilo akalowa m'kathanki kabuluu acite cimodzimodzi.

6. Madziwa akatayikira pa lole kapena m'manja, atsuke ndi madzi ambiri, pakuti akauma asiya zoyera ngati mcere. Zoyera zotere zikaoneka pa paipi ya utsi, ndiye kuti pena pali kudontha.

7. Nyale ikayaka athire tsiku lomwelo, asadikire mawa.

MAFUNSO OKAMBIRANA PA KALABU YA ALIMI

Kodi AdBlue asiyana bwanji ndi fetereza wa yuriya? Lole yotentha malita 200 a dizilo idzafuna malita angati a madziwa? Nanga munthu acitenji akathira madziwa m'thanki yolakwika?

Dzina la Bulangililo licokera ku mau a Cibemba onena za kuonetsa ena kacitidwe ka cinthu. Mbale wa kumeneko amene wayendetsapo lole yotere aonetse abale ace akumudzi m'mene athirira ndi m'mene asungira madziwa, ndipo akumudzi asacite manyazi kufunsa, pakuti akuru anati safunsa anadya phula. Banja limene liri kuganiza zogula lole caka cino likhale pansi ndi pensulo, liwerengere dizilo, AdBlue ndi makaniko, ndipo likambe ndi mlangizi wa zaulimi wa m'dera lao lisanagulitse ng'ombe.