Kodi ndi kondowole wawononga kapamba wa mlongo wanga?

FUNSO

Akonzi, mlongo wanga wa zaka 27 wavutika ndi m'mimba kwa nthawi yaitali. Ululu umayambira pachifu n'kubowola mpaka kumsana, ndipo ukamugwira amangokhala chowerama, chakudya osachifuna. Waonda zomvetsa chisoni. Poyamba ankati ndi zilonda zam'mimba, koma atamuunika anapeza miyala m'kapamba, ndipo pano ali ndi shuga. Mowa samwa, fodya yekha ndiye amasuta. Kumudzi ena akuti ndi kondowole amene tinakulira, ena akuti amamwa mobisa. Madokotala atchulapo za opaleshoni, koma amayi akukana, akuti tidikire kaye. Zoona ndi ziti?

Mayi wodandaula, Nkhotakota

YANKHO

Pepani mayi. Zimene mwafotokozazi zikugwirizana ndi matenda amene madokotala amati chronic pancreatitis. Chiwalo chimene chikudwala ndi chija chili kuseri kwa chifu, chimene chimapanga insulini ndi madzi ogaya chakudya. Chikatupa mobwerezabwereza chimachita zipsera n'kuuma, ndipo m'kanjira kake mumamera miyala.

Amene akuti mlongo wanu amamwa mobisa akumulakwira. N'zoona kuti m'mayiko ambiri mowa ndiwo umatsogola pa zoyambitsa matendawa, koma si wokha. Mu 1959 dokotala wina, Zuidema, analemba za achinyamata a ku Indonesia owonda, a shuga, a miyala m'kapamba, amene sankamwa. Chaka chotsatira Shaper anaona zofananazo ku Uganda, ndipo ku Kerala, kumwera kwa India, odwala otere anapezeka ochuluka. Popeza ku Kerala amadya chinangwa kwambiri, mlandu unagwera chinangwacho, makamaka poizoni wa m'chinangwa chowawa.

Mlanduwo sunaime. Matendawa anapezekanso m'madera amene chinangwa sachidya, pomwe m'madera ena ochidya tsiku ndi tsiku sanachuluke. Kenako mu 2002 ofufuza a ku India anapeza kuti pafupifupi theka la odwala amene anawayeza anali ndi vuto pa kachidutswa ka chibadwa kotchedwa SPINK1. Ntchito yake ili ngati ya mlonda: kuletsa madzi ogaya chakudya kuyamba kugaya asanafike m'matumbo. Mlondayo akafooka, madziwo amayamba kudya kapamba weniweniyo. Mu 1996 gulu la David Whitcomb ku Pittsburgh linali litapeza kale kachidutswa kena, PRSS1, m'mabanja amene matendawa amayenda m'magazi. Chinangwa chowawa chosavikidwa mokwanira n'choopsa ndithu, chimapuwalitsa miyendo, koma umenewo ndi mlandu wina.

Chimene ndagwira m'kalata yanu ndi fodyayo, ngakhale mwamutchula mongodutsa. Kafukufuku wamkulu wa ku America wotchedwa NAPS2 anasonyeza kuti fodya payekha, popanda mowa, amawonjezera chiopsezo cha matendawa. Kafukufuku wina waonetsanso kuti mwa osuta miyala ndi shuga zimabwera msanga. Pa zonse zimene mlongo wanu angachite yekha, kutaya ndudu ndiye choyamba.

Tsono za opaleshoni. Mantha a amayi ndi omveka, ndipo kwa zaka zambiri madokotala nawonso ankaganiza chimodzimodzi: yambani ndi mapiritsi, zikakanika lowetsani kapaipi kudzera pakamwa kukachotsa miyala, mpeni ubwere pomaliza. A ku Netherlands anaganiza zoyesa ngati nzeru imeneyi ili yoona. Mu 2007 ofufuza a ku Amsterdam anatulutsa zotsatira za odwala 39 a kanjira kotsekeka, amene anawagawa pawiri mwa maere. Patatha zaka ziwiri, ululu unali utatha kapena kuchepa mwa odwala 75 pa 100 alionse ochitidwa opaleshoni, pomwe mwa a kapaipi anali 32 okha. Mu 2020 kunatuluka kafukufuku wina, ESCAPE, wa odwala 88 amene anali atangoyamba kumene mankhwala amphamvu opha ululu a mtundu wa morphine. Amene anachitidwa opaleshoni msanga anamva ululu wocheperako pa miyezi 18 imene anawatsatira kusiyana ndi amene anadutsa njira yakale ija.

Odwala 39 kapena 88 si ambiri, ndipo ambiri a iwo anali a matenda obwera ndi mowa, osati achinyamata ngati mlongo wanu. Opaleshoni sibweza kapamba mwakale, shuga sathanso. Komabe ine ndikuona kuti kudikira kulinso ndi mtengo wake. Ululu ukakhalitsa zaka, minyewa imauzolowera moti ngakhale miyala ichoke umatha kupitirira, ndipo munthu amakhala atakodwa kale ndi mankhwala aja. Pitani nawo amayi kwa dokotala wa maopaleshoni, akamve okha yankho la funso ili: kodi kanjira ka kapamba katsekeka n'kufufuma? Ofufuza a ku Netherlands aja amanena za odwala otere basi.

Kuondako musakuone ngati nkhani ya shuga yokha. Mufunseni mlongo wanu, ngakhale n'zochititsa manyazi, ngati chimbudzi chake chimakhala chotuwa, chamafuta, chonunkha kwambiri. Zimenezi zimayamba kapamba akatsala pang'ono kulekeratu kutulutsa madzi ogaya, ndipo chakudya chimangodutsa thupi osapindula nacho. Pali makapisozi olowa m'malo mwa madziwo, monga Creon, omwe amamwedwa pamodzi ndi chakudya, osati pamimba yopanda kanthu. Amapangidwa kuchokera ku kapamba wa nkhumba, choncho ngati banja lanu ndi la Chisilamu, kambiranani ndi dokotala komanso ashehe zisanafike patali.

Ena akuopsezani ndi khansa. Kafukufuku wa 1993 wa odwala oposa 2,000 m'mayiko asanu ndi limodzi anapeza kuti pa zaka 20, odwala 4 pa 100 alionse ndiwo anadwala khansa ya kapamba. N'chiopsezo choposa cha anthu ena, koma si chiweruzo.

Choopsa chapafupi ndi shuga kutsika. Kapamba wowonongeka sapanganso mokwanira glucagon, amene amakweza shuga akagwa. Ngati mlongo wanu akubaya insulini, tsiku limene ululu wamuletsa kudya akhoza kuyamba thukuta, kunjenjemera, kulankhula zosamveka, mpaka kukomoka. Aziyenda ndi maswiti m'thumba, ndipo apanyumba nonse mudziwe kuti akayamba choncho mumumwetse madzi a shuga akadali maso. Akakomoka musamuthire kanthu m'kamwa, thamangirani naye kuchipatala.