Chikwapu Kusukulu ndi Kunyumba: Mafunso ndi Mayankho

Kodi mphunzitsi ali ndi chilolezo chokwapula mwana wanga?

Ayi. Malamulo aakulu a dziko lino a 1994, pa gawo 19, amaletsa chilango chomenya munthu pa nkhani iliyonse yomwe ili m'manja mwa nthambi ya boma, ndipo Unduna wa Zamaphunziro umaletsa aphunzitsi kumenya ana. Sukulu ikhale ya boma ku Bangwe kapena ya pulayiveti ku Namiwawa, wovulaza mwana atha kuimbidwa mlandu.

Nanga bwanji ndodo sizikutha m'makalasi?

M'chaka chomwecho cha 1994 boma la Bakili Muluzi linayambitsa maphunziro apulayimale aulere, ndipo ana oposa 1 miliyoni anakhamukira kusukulu nthawi imodzi. Mpaka lero m'matauni athu mphunzitsi mmodzi amatha kuima pamaso pa ana oposa 100. Ndimawamvetsa aphunzitsi otere, mawu amatha, mutu umawawa. Koma ndinaonapo mtsikana wa Sitandade 4 pasukulu ina akutambasula chikhatho pageti chifukwa chochedwa. Anali atadzuka kusanache kukaima pamzere wa madzi pa kiyosiki. Ndodo zitatu zinagwera pa dzanja lomwe linali litangotula ndowa, ndipo m'kalasi analephera kugwira cholembera. Palibe anamufunsa chomwe wachedwera. Mawa lake madzi anavutanso, mwanayo anangokhala pakhomo.

Nanga kunyumba? Mwanayo si wanga?

Ndi wanu ndithu, n'chifukwa chake lamulo la 2010 losamalira ndi kuteteza ana linakupatsani udindo womuteteza ku nkhanza. Malawi alibe lamulo loletsa mwatchutchutchu kukwapula kulikonse pakhomo, monga anachitira a South Africa mu 2019 ndi a Zambia mu 2022. Komabe kholo lowotcha manja a mwana chifukwa chakuti waba ndiwo mumphika, kapena lomuthibula ndi waya wamagetsi mpaka zilonda, lapalamula mlandu ndipo apolisi amamanga.

Ife tinakula ndi chikwapu, bwanji tili bwinobwino?

Funso limeneli ndimalimva pamaliro, mu minibasi ya ku Limbe, ngakhale kutchalitchi. Amene timafunsa choncho ndife otsala. Anzathu amene anasiyira sukulu panjira poopa ndodo ya masamu sitiwawerengera. Kafukufuku wa boma wa 2013 anapeza kuti pafupifupi anyamata awiri mwa atatu alionse, ndi atsikana awiri mwa asanu, anachitiridwa nkhanza zomenyedwa asanafike zaka 18. Dzifunseni zomwe munaphunzira pa lamba wa bambo. Ambirife tinaphunzira kubisa, kunama mochenjera ndi kuvala makabudula awiri. Akulu amati kuwongola mtengo mpoyamba, zoona, koma wowongola kamtengo amakazikira chochirikiza, sakathyola. Ndipo mtsikana amene amaopa mayi ake sadzawauza tsiku limene munthu wamkulu adzamugwire kosayenera. Apa ndi pomwe mtima wanga umawawira.

Ndiye ndimulange bwanji?

Dikirani mkwiyo uphwe, kenako mufunseni kuti afotokoze. Chilango chigwirizane ndi cholakwa: watayira madzi akolope, waba abweze ndi kupepesa, wachedwa kumpira mawa asapite. Chimene mwanena muchichite, musamangoopseza.

Mwana akavulazidwa ndipite kuti?

Ngati zachitikira kusukulu, yambani ndi ahedi komanso komiti ya sukulu. Akakuzengerezani, pitani ku Victim Support Unit kupolisi ya Limbe, Blantyre kapena yapafupi nanu. Ku Queen Elizabeth Central Hospital kuli Chikwanekwane, komwe mwana amaonedwa ndi achipatala, apolisi ndi a zachisamaliro cha anthu pamalo amodzi. Mukhozanso kuimba 116, nambala yaulere ya Tithandizane yomwe amayendetsa a YONECO. Mwana yekha atha kuimba, ndipo woyandikana naye nyumba amene amamva kulira usiku ndi usiku nayenso aimbe.