Mpweya Wobisika Umene Ukupha Ziweto

M'miyezi ya June ndi July, cisanu cikakula, mlimi wina amaika mbaula m'nyumba ya anapiye, natseka citseko ndi mazenera omwe. M'mawa apeza anapiye ali lambalamba, opanda bala, opandanso cizindikiro ca citopa. Ena amathamangira kunena za ufiti. Koma cowapha ndico mpweya wochedwa carbon monoxide, umene umaturuka pamene makala, nkhuni kapena petulo zikupsa pa malo osowa mphepo. Ndiwo womwewo umene uli mu utsi wa injini, m'ng'anjo zosungunulira citsulo, ndi m'migodi ya malasha moto ukabuka. Suoneka ndi maso, ndipo fungo ulibe.

Kupha kwace kuli motere. M'mwazi wa ciweto ciri conse muli cinthu cofiira cochedwa hemoglobini. Nchito yace ndi ya mtengatenga: cimasenza okosijeni, ndiwo mpweya wopatsa moyo, kucokera m'mapapo, nicikatula ku ubongo, ku mtima ndi ku minofu. Tsono mpweya woipawo ukalowa m'mapapo, umalanda malo a okosijeni pa hemoglobini, ndipo umagwira zolimba koposa okosijeni nthawi 200. Gawo limodzi lokha mwa magawo 1,000 a mpweya wa m'khola likwanira kulanda theka la hemoglobini. Coipa cinanso n'cakuti okosijeni wotsalayo amakanirira m'mwazi, osatulidwa bwino kumene akufunika. Motero ciweto cikupuma ndithu, mpweya uli wambiri m'khola, koma thupi likufa ngati lotsamwitsidwa.

Mwazi wa nyama yofa motere umakhala wofiira kwambiri, wowala. Katswiri wa ku France, Claude Bernard, anafotokoza zimenezi m'caka ca 1857. Pambuyo pace John Scott Haldane wa ku Scotland anaona kuti tinyama tating'ono timayamba kugwa munthu asanamve kanthu, popeza timapuma mofulumira. Ndico cifukwa cace anthu a m'migodi ya malasha ku Britain anali kutsika ndi timbalame tochedwa canary m'zikwere, kufikira caka ca 1986. Kambalame kakagwa, amuna onse anali kuthawa. Anapiye a mlimi ali ngati timbalame tija; akayamba kudzandira ndi kuodzera, mwana wogona pafupi ali pa ngozi nayenso. Nkhumba ya bere ingathe kupulumuka yokha, koma ana ace n'kubadwa akufa.

Mlimi wanzeru asiye mpata pamwamba pa khoma ndi wina pansi, kuti mphepo idzipita. Asanyengedwe poona kuti makala afiira ndipo utsi watha, pakuti mpweyawo ukuturukabe. Injini ya cigayo kapena ya mpope isalire m'nyumba imodzi ndi ziweto. Ciweto cikakomoka, aciturutsire kunja msanga, acifunditse thumba, naitane mlangizi wa ziweto; asacibwezere m'khola tsiku lomwelo, pakuti poizoniyo amatenga maola ambiri kuti acoke m'mwazi.