Kuteteza paipi ya chumuni ku dzimbiri ndi mphepo

Lero tikulankhula ndi inu amene muli ndi chumuni cha njerwa chokhala ndi paipi yachitsulo pamwamba, kaya kukhitchini, pa uvuni wa buledi kapena pa balani ya fodya.

Ambiri amaganiza kuti dzimbiri limabwera ndi mvula yokha. Ayi, loopsa kwambiri limayambira mkati. Mwaye ukakumana ndi chinyezi umapanga asidi, n'kumadya chitsulo pang'onopang'ono mpaka kubooka. Nkhuni zaziwisi ndiye zimanyanya, chifukwa utsi wake umadzaza nthunzi. Choncho sonkhani zouma, ndipo palani mwaye mvula isanayambe mu Novembala. Pamwamba ikani kachipewa kachitsulo, koma musiye mpata woti utsi uzituluka bwino.

Pamene paipi yalowa m'njerwa musamate simenti mpaka kuthina. Chitsulo chikatentha chimafutukuka, simenti n'kung'ambika, madzi n'kupeza njira. Siyani kampata, kenako vekani kolala ya lata yoti madzi azitsetserekera kunja. Penti wamba musataye naye ndalama, amasupuka ndi moto. Kusitolo funsani wopirira kutentha.

Nanga mphepo? Paipi yaitali imagwedezeka, ndipo kugwedezekako kumamasula njerwa zapamwamba. Imangeni ndi mawaya atatu okokera mbali zitatu, omangirira pa lamba wachitsulo, osati pochita kuboola paipiyo. Mawayawo ayendereni mwera usanayambe mu Juni, komanso chikadutsa chimphepo cha mvula zoyamba. Pokwera padenga moto ukhale utazima, ndipo wina akugwirireni makwerero.