Joko Siligona Pansi

Mphwanga, za ng'ombe zokokazo sindikuuza zambiri. Za nkhupakupa, mankhwala opopera, katemera ndi kuphunzitsa mifule kumva mawu, alangizi a ziweto akuuza, ndipo anzako kuno ku Chiparamba awonjezerapo zawo, zina zoona, zina zapamowa. Ine ndikufuna tikambe za joko, zikeyi, zingwe, tcheni, pulawo ndi ngolo, makamaka za malo amene zimagona. Ng'ombe ikadwala imasiya kudya, makutu amagwa, mwana woweta amathamanga kudzanena. Joko likamadyedwa ndi chiswe palibe amene amathamanga.

Zipangizo zolimira zambiri sizifera kumunda. Zimafa pakati pa Epulo ndi Okutobala, zitatsamizidwa kuseri kwa khola, eni ake ali kalikiliki ndi kukolola, kugulitsa nsawa ndi thonje, kudikirira ndalama za chimanga, kupita ku Kulamba ku Mkaika. Kenako mu Novembala mitambo imabwera, mvula yoyamba imavumba, nthaka imafewa, ndipo m'mawa womwewo ndi pamene munthu amazindikira kuti zikeyi zatsala zitatu, chingwe chapakhosi chinadyedwa ndi galu, bawuti ya gudumu la pulawo inagwira dzimbiri. Ulendo wa ku Chipata, kukasaka bawuti imodzi ku Down Shops kapena ku Kapata, umadya tsiku lonse ndi ndalama ya galimoto. Pobwera, nthaka yayamba kuuma, ndipo anzako adzala kale. Chimanga chochedwa kudzala sichibereka ngati choyambirira, ndipo feteleza yemweyo amene unamuvutikira sabweza mokwanira. Njala ina imayamba chotero, ndi bawuti.

Ukuti malo ulibe. Ndi zoona. Nyumba yako ndi ya zipinda ziwiri, chimodzi chadzaza ndi matumba, ndipo ng'ombe zikugona m'khola la eni, pamodzi ndi za mabanja ena. Koma vuto limeneli si la iwe wekha, ndipo si la anthu osauka okha. Ku England, ndi ku Joni komwe kumene anyamata athu ena amagwira ntchito m'makola a mahatchi, kuli anthu okhala ndi hatchi koma opanda malo oisungira. Amalipira pamwezi kwa mwini khola, ndipo m'kachipinda kosungiramo katundu aliyense amapatsidwa pokolekapo chishalo, pokolekapo zingwe za kumutu, mwinanso kabokosi. Zatha. Anthu ambiri amakwana m'kachipinda kamodzi chifukwa pansi sipakhala kanthu, chonyowa sachipinda chisanaume, ndipo chilichonse chimadziwika mwini wake. Kuno mahatchi sanakhazikike, chifukwa cha tsetse wa kuchigwa cha Luangwa ndi matenda ena, kotero mphamvu yathu ili mu ng'ombe ndi abulu. Koma nzeru yosungira ndi yomweyo: malo amene ukusowa ali pakhoma ndi kudenga.

Yamba ndi joko. Usaliimike pakona ya nyumba, mutu umodzi uli pansi. Chiswe chimakwera kuchokera pomwepo, chimadya mkati n'kusiya khungu labwino kunja, ndipo umadzadziwa tsiku limene ng'ombe zakoka mwamphamvu joko n'kuthyoka pakati. Usalisiyenso padzuwa la Okutobala, limang'aluka, ndipo mng'alu umenewo umatsina ndi kupala khosi la ng'ombe. Ng'ombe ya chilonda pakhosi imakana kukoka, mwini n'kuyamba kuikwapula akuti yachita mwano, pamene wolakwa ndi mtengo. Khoma zikhomo ziwiri zolimba pansi pa khonde, kumbali kumene mvula siwomba, ugoneke joko chopingasa pamenepo. Kapena ulilowetse pamwamba pa mitanda ya denga la khitchini, kumene utsi umaliteteza kuti lisafumbwe. Lisakhale pamwamba penipeni pa moto.

Ndipo joko silikhala limodzi lokha kwa mlimi amene wakhazikika. Lolimira ndi lalifupi, la ngolo ndi lotalikirapo, lopalira pakati pa mizere ndi lalitali koposa. Ukadzagula ripa ya Magoye, imene alangizi a ulimi wosatembenuza nthaka amalimbikitsa, udzafuna joko la masentimita 180 pakati pa ng'ombe ndi ng'ombe kuti mizere italikirane masentimita 90. Mitengo itatu yotere ikaunjikidwa pansi imatseka njira, ana amaikwera, amayi a kunyumba amadandaula, ndipo tsiku lina umodzi amautulutsa panja. Ikagona pazikhomo, wina pamwamba pa unzake, imadya khoma limodzi lokha.

Zikeyi ndi zimene zimasowa kwambiri, chifukwa kwa munthu amene salima ndi ng'ombe chikeyi ndi kamtengo chabe. Chimasonkhezera moto, chimatsekera chitseko cha khola la mbuzi, chimasanduka mfuti ya ana. Ukamasula ng'ombe komaliza, zisiye m'mabowo a joko uzimange ndi kachingwe, kapena uzitunge pawaya uzikoleke pachikhomo chomwecho. Sema zina ziwiri zapadera m'chilimwe, mtengo ukhale ndi nthawi youma. Chikeyi chosemedwa mothamanga m'mawa wolima chimakhala chauwisi ndi chokhakhala.

Pa zingwe ndikhalitsapo, chifukwa n'zimene anthu amazipeputsa. Chingwe cha chikopa chimamwa thukuta la ng'ombe, ndipo mchere ndi fungo la mafuta zimaitana makoswe ndi agalu. Chikagwa pansi usiku umodzi, m'mawa upeza theka. Chikasiyidwa chonyowa m'thumba la pulasitiki chimachita nkhungu n'kuola. Chikasiyidwa padzuwa chimauma gwa, ndipo ukachipinda chimathyoka. Ndiye uchipukute matope, uchiumitse pamthunzi, uchipake mafuta pang'ono kuti chifewe, kenako uchikoleke pawaya wolendewera kuchokera kudenga, kutali ndi khoma. Khoswe amayenda pamtanda, koma kutsika pawaya woonda kumamuvuta, makamaka ukabowola chivindikiro cha chitini n'kuchiveka pawayapo. Chingwe cha nayiloni makoswe sachifuna kwenikweni, koma dzuwa limachipsereza. Chimaoneka chabwino, koma ukachipotokola chikuyoyoka fumbi, chatha ntchito, usachidalire pa ng'ombe yamphamvu. Amene muli ndi abulu, malamba a pachifuwa muwasunge chimodzimodzi, ndipo nsanza kapena chiguduli chimene mumaika kunsi kwa lamba muzichiyanika tsiku lililonse. Ndinenepo pang'ono podutsa: kumanga bulu pajoko la ng'ombe ndi nkhanza. Khosi lake silinapangidwire zimenezo, iye amakoka ndi chifuwa.

Tsopano zitsulo. Pulawo ikamaliza ntchito, pala dothi lonse, chifukwa dothi louma limasunga chinyontho ndipo dzimbiri limayambira pansi pake. Chitsulo chimene chimang'amba ndi kutembenuza nthaka chimachoka kumunda chili ngwee. Chipake oyilo wakale wa galimoto kapena wa chigayo, amene amapezeka mosavuta kwa okonza magalimoto. Pulawo ya dzimbiri imamata dothi m'masiku oyamba olima, ng'ombe zimalemedwa, pamene zili zowonda chifukwa changotha chilimwe. Masula bawuti iliyonse, uidontheze oyilo, uibwezere. Gudumu lichotse ulipake girizi. Pamenepo ndi pamene uone ngati chitsulo chakutsogolo chaperepeseka, ugule china ndalama za nsawa zikadali m'thumba, osati mu Novembala pamene aliyense akufuna chomwecho.

Chinthu chimodzi chimene ambiri sachidziwa: feteleza amadya chitsulo. Ureya ndi D Compound zimakoka chinyontho, ndipo tinyenyeswa take tikagwera pa tcheni kapena pulawo, dzimbiri limathamanga. Popeza chipinda chosungiramo n'chimodzi, anthu amaunjika zonse pamodzi, matumba pansi, pulawo pamwamba. Matumba akhale pamitengo mbali ina, zitsulo zikolekedwe mbali ina. Mankhwala opopera ng'ombe ndi a thonje akhale m'kabokosi kawokawo kokhoma, pamwamba pamene ana safika, kutali ndi ufa ndi mbewu. Mabawuti, manati, mashako ndi sipanala ziikidwe m'chitini chimodzi chokhala ndi chivindikiro, ndipo chitini chimenecho chisabwerekedwe.

Tcheni chigone m'nyumba momwe ukugona iwe. Ogula zitsulo zakutha amayendayenda m'midzi, ndipo safunsa kuti tcheni chachokera kuti. Pulawo nayonso, ngati ikhala pakhonde, imangidwe kunsanamira ndi loko, ndipo gudumu lake lilowe m'nyumba.

Ngolo ndiyo sikwana paliponse, choncho imangire kachisakasa ka mitengo inayi ndi udzu, pafupi ndi nyumba kumene galu wako amagona. Ukatuta manyowa a m'khola uisese ndi kuitsuka, chifukwa manyowa amaoletsa matabwa ndi kubowola malata. Mtengo wokokera usakhudze pansi, uike pamphanda. Ikakhala nthawi yaitali osayenda, iike pazipika kuti matayala asaphwe ali olemedwa, ndipo uwaphimbe ndi masaka dzuwa lisawang'ambe. Kudenga kwa chisakasa chomwecho ndi malo enanso a majoko ndi makasu. Mkati mwa ngolo usasungiremo kanthu kofunika, nkhuku zimaikiramo ndipo ana a mudzi wonse amaseweramo.

Zonsezi n'zosavuta poyerekeza ndi nkhani ya anthu. Ukasungitsa ng'ombe m'khola la eni, zipangizo zako zimayamba kuoneka ngati za onse. Mwini khola amatenga tcheni chako poti chake chaduka, mlamu wake amatenga joko, ndipo palibe amene waba, aliyense wangobwereka. Akuluakulu anati nkhwangwa yobwereka sichedwa kuguluka, koma sanatiletse kubwereketsa, ndipo inenso sindikuletsa. Pamudzi suungakhale ndi pulawo n'kumaonerera munda wa amayi amasiye ukumera udzu. Chimene ndikunena n'chakuti chinthu chizituluka m'manja mwako iwe, osati kutengedwa kuseri kwa khola, ndipo chizibwerera pachikhomo chake tsiku limene mwapangana. Chikhomo chopanda kanthu chimakuuza chokha kuti china chake chili kunja. Mulu wa pansi sungakuuze zimenezo. Otcha chizindikiro chako pajoko ndi pazikeyi ndi msomali wamoto, paka penti pamphete yoyamba ndi yomaliza ya tcheni, ndipo uziwerenga mphete zake, chifukwa tcheni chobwerekedwa chimakonda kubwerera chitafupika.

Ndi mwini khola, kambiranani poyera, pali munthu wachitatu: ng'ombe zimulimira masiku angati, manyowa ndi a ndani, chipangizo chikathyoka m'manja mwake alipira ndani. Udzachita manyazi kufunsa zimenezi kwa munthu wamkulu amene wakuchitira chifundo. Funsa mwaulemu, chipewa chili m'manja, koma funsa. Milandu yambiri imene imafika kwa amfumu inayamba ndi anthu amene anachitirana manyazi. Ndipo ukadzapita kuchikamwini, abale a mbali zonse adziwe zimene wabwera nazo ndi zimene mwagula awiri ndi mkazi wako, chifukwa maliro akagwa, pulawo ndi ngolo ndi zimene zimayambanitsa anthu.

Usaganize kuti zipangizo zimenezi zinabwera mosavuta m'dera lino. Ng'ombe zambiri za Angoni a Mpezeni zinalandidwa ndi azungu pankhondo ya 1898, ndipo patapita zaka makumi asanu, mu 1948, m'pamene boma la atsamunda linayamba dongosolo lokongoza alimi ena akuda kuno kum'mawa ng'ombe ndi mapulawo. Agogo ako ambiri anakalamba ndi khasu lamanja. Pulawo zina za masiku akale zikulimabe m'midzi muno, zitasinthidwa mabawuti ndi zitsulo zakutsogolo kangapo, pamene zina zogulidwa posachedwapa zili kale kwa ogula zitsulo.

Sabata imene umalize kututa chimanga, patula tsiku limodzi: khoma zikhomo, tsuka ndi kupaka zitsulo, koleka zingwe. Kumayambiriro kwa Okutobala tsitsa zonse, umange ng'ombe m'mawa dzuwa lisanakwere, uziyendetse ndi pulawo ngati kuti mvula yagwa. Chimene chasowa kapena chathyoka uchione tsiku limenelo, masitolo a ku Chipata asanadzaze anthu.