PHUNZIRO: TISAMALE MASO A ANA ATHU

Kuwerenga: Yohane 9:1-7

Amayi anzanga mwa Ambuye, ophunzira ataona munthu wobadwa wosaona anayamba kufunsa za tchimo, koma Yesu anamuchiritsa. Nafenso tisataye nthawi kufunafuna amene walodza mwana. Tithamange naye kuchipatala.

Mwana sadziwa kuti saona bwino. Amaganiza kuti aliyense amaona monga iye. Ndili namwino ndinalandirapo mtsikana wa Sitandade 4 wa ku Kawale amene ankakwapulidwa kuti ndi waulesi, pamene vuto linali lakuti sankaona pa bolodi. Atapatsidwa magalasi anayamba kukhoza.

Zizindikiro zofunika kuziona

1. Kamwana ka diso kuoneka koyera. Ikhoza kukhala ng'ala kapena khansa ya m'diso. Ng'ala imachotsedwa ndi opaleshoni, koma ikachedwa diso siliphunziranso kuona bwino. Musadikire kuti mwana akule.
2. Khanda kutupa zikope ndi kutuluka mafinya m'masabata oyamba. Pitani tsiku lomwelo.
3. Diso limodzi kuyang'ana kumbali.
4. Kupunthwa kukayamba mdima, chizindikiro cha kuchepa kwa vitamini A.
5. Kutsinzinira kapena kuyandikitsa buku kumaso.

Zoyenera kuchita

Muyeseni pakhomo. Phimbani diso limodzi ndi chikhatho, aimirire masitepe 6 kuchokera pa kalendala, awerenge manambala. Kenaka phimbani linalo.

Musadonthezere m'diso mkaka wa m'mawere, mkodzo, madzi a masamba kapena mankhwala otsala a munthu wina. Ndaonapo maso ataonongeka chifukwa cha zimenezi.

Musadumphitse sikelo. Vitamini A amaperekedwa miyezi 6 iliyonse, kuyambira miyezi 6 mpaka zaka 5, ndipo katemera wa chikuku amatetezanso maso. Pakhomo pasasowe mapapaya, mango, maungu, bonongwe ndi mbatata yofiira mkati.

Yambirani chipatala chapafupi, monga cha Kawale kapena Area 25. Akaona kuti n'zazikulu adzakutumizani kuchipatala cha maso cha Lions ku Kamuzu Central.

Mu 2022 bungwe la WHO linalengeza kuti Malawi wagonjetsa matenda a maso a trachoma. Kusambitsa ana kumaso tsiku lililonse kunathandiza nawo, choncho tisaleke.

Zokambirana

Ndi ana angati m'mphakati mwathu amene anayezedwapo maso? Mayi akasowa ya minibasi, gulu lathu lingamuthandize bwanji?

Pemphero

Ambuye Yesu, tsegulani maso athu kuti tione msanga zosowa za ana athu. Amen.